KABICI: CIFUKWA CAKE MBEU YAKE IMAGULIDWA NYENGO IRIYONSE

Alimi a ndiwo zamasamba m'madimba a ku Chongwe, Mkushi ndi Chipata adziwa kuti mbeu ya kabici siisungidwa monga ya maungu kapena ya cimanga ca makolo. Nyengo iriyonse mlimi ayenera kukagula paketi yatsopano ku sitolo. Nkhaniyi yagona pa cibadwa ca mbeu imeneyi.

Kabici, amene akatswiri a zomera amamucha Brassica oleracea, anacokera ku comera ca m'thengo comera m'mbali mwa nyanja ku Ulaya. Comeraco sicinali kupanga mutu. Alimi akale ndiwo anali kusankha zomera za masamba okulungana bwino, mibadwo ndi mibadwo, kufikira mutu unaoneka. Kolifulawa ndi brokoli nazonso ndi za mtundu womwewo, ndipo zonse ziri ndi makromozomu 18, tinthu timene timanyamula cibadwa ca comera.

Repu ndi cainizi za pa msika nazo ndi abale a kabici. Mu 1935, katswiri wa ku Korea wogwira nchito ku Japan, Woo Jang-choon, anaonetsa kuti repu, wa makromozomu 38, anabadwa pamene mtundu wa kabici unakwatirana ndi mtundu wa cainizi wa makromozomu 20.

Vuto loyamba la mlimi wa kuno ndi nyengo. Kabici amapanga mutu m'caka coyamba, ndipo amatulutsa maluwa pokhapokha atapyola m'milungu ingapo ya kuzizira kwambiri. M'madera ambiri a Zambia, mphepo ya June ndi July siikhalitsa mokwanira, motero mbeu yambiri imacokera kunja kwa dziko.

Vuto laciwiri ndi lalikulu koposa. Duwa la kabici limakana mungu wocokera ku comera comweco, ndipo limadalira njuci kubweretsa mungu wa comera cina. Opanga mbeu anapezerapo mwai pa khalidwe limeneli. Amabzala mizere iwiri ya makolo osankhidwa, njuci nkuwakwatitsa, ndipo mbeu yotuluka ndiyo imalembedwa F1 pa paketi. Makampani ambiri tsopano amagwiritsa nchito makolo osabala mungu, njira imene inacokera ku cibadwa cimene Hiroshi Ogura anapeza mu radishi ku Japan mu 1968.

Mbeu ya F1 imamera mwamphamvu, ndipo mitu imafanana kukula ndi kukhwima pamodzi. Koma ubwino umenewu ndi wa m'badwo umodzi cabe. Ngakhale mlimi atakwanitsa kukolola njere, ana ake amagawikana cibadwa: ena mitu yaing'ono, ena yofewa, ena ocedwa kukhwima.

Sikuti F1 ndiyo yoyenera aliyense. Wotumiza katundu wambiri ku msika wa Soweto mu Lusaka amapindula pamene munda wonse wakhwima nthawi imodzi. Wolima kadimba ka pakhomo angacite bwino ndi mitundu yakale monga Copenhagen Market kapena Drumhead, yochipa mtengo ndiponso yokhwima pang'onopang'ono.

Matenda oola a black rot, amene amadetsa mitsempha ya masamba, amayenda ndi njere zomwezo, ndipo opanga mbeu akulimbikira kupeza mitundu yopirira matendawa pamodzi ndi kutentha. Muno mu Zambia, nchito yopima mbeu ndi kuzivomereza iri m'manja mwa bungwe la Seed Control and Certification Institute ku Mount Makulu, m'boma la Chilanga.