KUDZUDZULA PULEZIDENTI SIKUNAYAMBE NDI IFE

Nthawi ya kampeni ya 2025, munthu akangodandaula za petulo kapena mtengo wa ufa, ena ankamulumphira kuti watumidwa ndi otsutsa, ena mpaka kumuchotsa pa gulupu. Ine ntchito yanga ndi ya mainjini a boti, ndale sindidyerapo, koma tiyeni tikumbutsane kumene ufulu wolankhulawu unachokera.

Nthawi ya Kamuzu, kudzudzula mtsogoleri kunali kuputa imfa. Mu 1964 nduna zinamutsutsa, ndipo zambiri zinathawa m'dziko. Henry Masauko Chipembere, mwana wa kunyanja konkuno, anayesa kuukira mu February 1965, koma gulu lake linakakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Iyeyo anakafera ku America. Mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wa muyaya. Mu May 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Bambo anga amati masiku amenewo ukafika ndi dengu la usipa pamsika, achiyufi ankayamba afunsa khadi la chipani. Ulibe, bwerera nalo.

Zinthu zinatembenuka pa 8 March 1992. Tsiku limenelo m'matchalitchi a Katolika dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Munalibe mwano m'kalatamo. Inangonena zimene aliyense ankaziona: malipiro ochepa, zipatala zoperewera, sukulu zodzadza, anthu kutsekeredwa popanda mlandu, komanso mantha olankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo malo amene anasindikizira kalatayo ku Balaka anatenthedwa.

Koma pakamwa panali patatseguka basi. Pa 6 April Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe kudzaitanitsa zipani zambiri, anamumanga pabwalo la ndege pomwepo. Mu May ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, anthu anafa, ndipo mayiko otithandiza anaimitsa thandizo. Kamuzu anavomera riferendamu. Pa 14 June 1993 anthu anasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Nyali, ngati yomwe timakopera usipa usiku, inapambana ndi mavoti 63 pa 100 alionse. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anagonjetsa Kamuzu, ndipo nkhalambayo inavomereza.

Tsono onani zimene zatsatira. Muluzi mwiniwake atafuna teremu yachitatu, mipingo ndi anthu wamba anamukaniza. Bingu anapambana ndi mavoti ochuluka mu 2009, koma mafuta ndi ndalama zakunja zitasowa sanafune kumva za munthu. Pa 20 July 2011 anthu anapita pamsewu, pafupifupi 20 anaphedwa. Joyce Banda analowa mu 2012 anthu akuimba, koma Cashgate itaphulika mu 2013 anathera pa nambala 3 pa chisankho cha 2014. Peter Mutharika analengezedwa wopambana mu 2019, khoti linafafaniza zotsatira za tipeksi zija pa 3 February 2020, ndipo pa 23 June anthu anamuchotsa.

Onsewa anali ndi owaombera m'manja, amene ankati odandaula ndi ansanje. Owaombera m'manjawo sanawapulumutse.

Mu 2020 pampando panakhala a Chakwera, amenenso analowa chifukwa chodzudzula amene analipo. Anatilonjeza ntchito 1 miliyoni. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka 44 peresenti mu November 2023. Ife timazimva pa mtengo wa pulagi, oyilo ndi ukonde, chifukwa zonsezi zimachokera kunja. Petulo akasowa, mwini boti amagula wa m'zigubu pamtengo wokwera, kapena boti limagona pagombe. Likagona, alovi sagawana kanthu, amayi oyanika usipa alibe choyanika, ndipo ine ndilibe chokonza. Kunena zimenezi si chipongwe ayi. Aboma a nthawiyo anali ndi mayankho awo: namondwe Freddy, kolera, nkhondo ya ku Ukraine. Tiwamvetsere, kenaka tiyeze tokha ngati akukwanira.

Pantchito yathu, injini ikayamba kulira mwachilendo sutseka makutu. Amene amatero amakazimira pakati pa nyanja mwera ukuwomba. Koma kudzudzula kuli ndi mwambo wake. Maepiskopi aja sanatukwane mayi wa munthu, sananyoze mtundu wa munthu, sanapeke bodza. N'chifukwa chake boma linalephera kuwayankha. Nafenso tisamangotumiza zilizonse osafufuza, ndipo otsutsa tiwafunse mafunso omwewo, poti ena a iwo analamulirapo ndipo tikukumbukira.

Sindikuuzani woti mumuvotere. Ndikungopempha kuti mnzanu akadandaula musamuchotse pa gulupu, muyankheni ndi mfundo. Amene makolo anu anaona za 1993, afunseni madzulo ano kuti anavotera chiyani ndipo ankaopa chiyani. Tumizani kwa ena.