Zikho 17 za a Dick Gould

Kuyambira mu 1960 mpaka mu 1971, chikho cha tenesi cholimbirana sukulu za ukachenjede za ku America sichinatulukepo mumzinda wa Los Angeles. Kwa zaka 12 chinkangosinthana manja pakati pa sukulu ziwiri za mumzindawo: University of Southern California, imene ambiri amangoti USC, ndi University of California ya ku Los Angeles, imene amati UCLA. Kumeneko n'kumene kunali anyamata monga Rafael Osuna, Dennis Ralston, Stan Smith, Arthur Ashe ndi Jimmy Connors. Mwana aliyense wodziwa kugwira raketi amene ankafuna kupitiriza maphunziro ankadziwa kolowera popanda womuuza.

M'kati mwa nyengo imeneyi, mu 1966, sukulu ya Stanford inalemba ntchito mnyamata wa zaka zosakwana 30, dzina lake Dick Gould, kuti aziphunzitsa timu ya amuna. Stanford ili pafupi ndi tauni ya Palo Alto, kumwera kwa San Francisco, ndipo inali yotchuka kale pa za m'kalasi. Koma pa tenesi ulemerero wake unali wa makedzana. Akuluakulu okha ndiwo ankakumbukira za 1942, pamene Ted Schroeder anapambana mpikisano wa masukuluwa atavala malaya a Stanford. A Gould anabadwa mu 1937 ku Ventura, m'chigawo chomwecho cha California, ndipo anaphunzira ku Stanford komweko n'kuseweranso m'timu yake. Sanali katswiri woti dziko n'kumudziwa. Mbiri imene anabwera nayo inali ya uphunzitsi: anayambira ku sekondale ya Mountain View, kenako ku koleji yaing'ono ya Foothill, kumene timu yawo inatenga ukatswiri wa makoleji ang'onoang'ono a m'chigawocho mu 1964 ndi 1965.

Tisanapite patali, ndi bwino tidziwe kaye kuti timu ya tenesi n'chiyani, poti ambirife masewerawa timawadziwa ngati a munthu mmodzi. Sukulu ziwiri zikakumana, iliyonse imandandalika osewera asanu ndi mmodzi potsata luso lawo. Woyamba wa uku amakumana ndi woyamba wa uko, wachiwiri ndi wachiwiri, mpaka wa nambala 6. Palinso masewero atatu a awiriawiri. M'zaka zambiri za a Gould masewero onsewa ankapereka mapointi 9, ndipo timu yofika pa 5 ndiyo inkapambana. M'zaka za m'ma 1990 malamulo anasintha, masewero a awiriawiri aja n'kumapereka pointi imodzi yokha, kotero kuti opambana ankafunika mapointi 4 mwa 7. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti pointi ya mnyamata wa nambala 6, amene akusewera pa bwalo la kumapeto kopanda owonerera, ndi yofanana ndendende ndi pointi ya katswiri amene manyuzipepala akumulemba. Ntchito yonse ya mphunzitsi wa timu yotere yagona pamenepa. Ayenera kutenga ana amene kuyambira ali aang'ono anaphunzitsidwa kudziganizira okha, ambiri a iwo atalimbanapo m'mipikisano ya ana, n'kuwachititsa kuti kupambana kwa mnzawo kuziwakhudza.

Koma asanafike poumba timu, anayenera kupeza dothi lake. Apa panali phiri. Stanford silandira wophunzira chifukwa cha luso la masewera lokha. Amene magiredi ake ndi ofooka amabwezedwa pakhomo. Choncho a Gould ankasaka mnyamata amene ali m'gulu la akatswiri a dziko lonse, yemwenso ndi wakuthwa m'kalasi, ndiponso wolimba mtima kukana Los Angeles n'kubwera kumalo kumene kunalibe chikho choti amuonetse.

Anamupeza mu 1969. Roscoe Tanner anali wa ku Tennessee, wamanzere, ndipo mpira wake woyambira unkathamanga ngati chipolopolo. Anafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa mmodzimmodzi kawiri, mu 1970 ndi 1971, ngakhale kuti maulendo onse awiri anagonja kwa anyamata a UCLA, Jeff Borowiak ndi Jimmy Connors. Phindu lake lenileni silinali pa bwalo pokha. Kubwera kwake kunauza achinyamata ena kuti ku Stanford nakonso kukhoza kupitidwa. Sandy Mayer anatsatira, ndipo mu 1972 awiriwa anapambana mpikisano wa awiriawiri, timu yonse n'kukhala yachiwiri kumbuyo kwa Trinity ya ku Texas. Chaka chomwecho Tanner anachoka kukayamba kusewerera ndalama. Chikho choyamba chinabwera mu 1973, iye atapita. Wolambula njira sanadye nawo za m'munda, ngakhale kuti sitingamumvere chisoni kwambiri, poti mu 1977 anapambana Australian Open ndipo mu 1979 anafika m'ndime yomaliza ya Wimbledon kumene anagonja kwa Björn Borg.

Kuchoka kwa Tanner kukutionetsa vuto limene linakhala ndi a Gould moyo wawo wonse wa uphunzitsi. Kuyambira mu 1968 mipikisano ikuluikulu ya dziko inatsegulidwa kwa osewerera ndalama, ndipo mnyamata waluso kwambiri analibenso chifukwa chokhalira pa sukulu zaka zinayi. Aliyense amene mphunzitsi wamusula bwino ndiye amene ankafulumira kuchoka. Munda wake unali woti chaka chilichonse uyambenso kubzala.

Mu 1974 Stanford inatenganso chikho, John Whitlinger atapambana mpikisano wa mmodzimmodzi komanso wa awiriawiri pamodzi ndi Jim Delaney. M'zaka zimenezi a Gould anachita chinthu chimene aphunzitsi ambiri akanachiona ngati si ntchito yawo. Masewero olimbana ndi USC ndi UCLA anawasamutsira m'holo ya basiketibo ya Maples Pavilion, n'kuwalengeza ngati zisudzo, ndipo anthu zikwizikwi anabwera kudzaonera. Tenesi ndi masewera amene owonerera amakhala chete ngati ali m'tchalitchi. Kumeneko kunali phokoso la ophunzira ochemerera anzawo. Munthu ameneyu anali wamalonda ndithu, ndipo sindikunena monyoza. Anazindikira msanga kuti masewera amene sabweretsa ndalama pa sukulu amakhala ngati mwana wopeza, ndipo zaka zonse anakhala akuyendera anthu akufuna kwabwino kupempha thandizo. Bwalo la Taube Family Tennis Stadium linachokera m'kupemphetsa kumeneko.

Chaka chimene anthu amakonda kuchikamba ndi 1978. John McEnroe anafika ku Stanford kumapeto kwa 1977 ali ndi zaka 18, atangodabwitsa dziko pofika m'ndime yachiwiri kwa yomaliza ku Wimbledon, chonsecho anayambira m'masewero odzigulira malo. Akanatha kuyamba kudya ndalama pomwepo, koma anasankha kupita ku sukulu. Ukali wake pa bwalo unali utadziwika kale. Tsono taganizani: m'timumo munali Matt Mitchell, amene chaka chomwecho cha 1977 anali atapambana mpikisano wa mmodzimmodzi wa masukulu onse. Katswiri wa dziko lonse anayenera kusiyira mlendo mpando woyamba. Atambala awiri salira m'khola limodzi, amatero akuluakulu, koma m'khola ili munali atambala angapo, ndipo onse analira popanda kujomphana mpaka kuwononga timu. Inasewera masewero 24 n'kupambana onse. Ku Athens, m'chigawo cha Georgia, kumene mpikisanowu unkachitikira, inagonjetsa UCLA m'ndime yomaliza, kenako McEnroe n'kugonjetsa John Sadri wa North Carolina State pa masewero otenga nthawi yaitali. Atangotero anatsanzika. Chaka chimodzi chinakwana. N'chaka chomwecho pamene akazi awo a Gould, mayi Anne Gould, anatsogolera timu ya atsikana ya Stanford kutenga chikho cha dziko lonse cha bungwe la AIAW, limene linkayendetsa masewera a atsikana bungwe la NCAA lisanawatenge. Zikho ziwiri zinalowa m'nyumba imodzi.

Pali ena amene amati ndi ana aluso chotere, aliyense akanapambana. Mawu amenewa ali ndi choonadi pang'ono, pakuti palibe mphunzitsi amene anaphunzitsa McEnroe kugwira raketi ali ndi zaka 18. Koma amene amanena zimenezi amaiwala kuti USC ndi UCLA nazonso sizinasiye kulandira ana aluso, ndipo ku Georgia a Dan Magill anali kumanga timu yoopsa imene inatenga chikho mu 1985 ndi 1987. Amaiwalanso kuti malamulo a NCAA a nthawi imeneyo sankalola sukulu kulipirira osewera onse. Timu ya amuna inkapatsidwa malo asanu okha a maphunziro aulere, ndipo pambuyo pake anawachepetsa kufika pa anayi ndi theka, oti agawidwe kwa gulu lonse, pa sukulu imene fizi yake ndi yoboola m'thumba. Kuuza bambo wa mwana amene sukulu ina yamulonjeza zonse zaulere kuti kuno alandira theka lokha, iyo ndi ntchito yofuna lilime.

Ndiponso a Gould anali ndi kaseweredwe kawo kodziwika. Ankafuna kuti mnyamata akamenya mpira woyambira athamangire ku ukonde n'kumaliza nkhani mwachangu, osati kuima kumbuyo kudikira kuti mnzake alakwitse. Ana ambiri amabwera atazolowera kusewera mwamantha, poti m'mipikisano ya ana wosalakwitsa ndiye amapambana. Kuwachotsa mantha amenewo kumafuna kuti mphunzitsi alolere kuluza masewero ena kumayambiriro kwa chaka, n'cholinga choti pofika mwezi wa May, nthawi ya chikho, mwanayo akhale atasanduka wolusa. Zipatso zake zimaoneka bwino m'masewero a awiriawiri, amene amadalira kwambiri luso la pa ukonde: Jim Grabb, Jonathan Stark, Alex O'Brien, Jared Palmer ndi mapasa Bob ndi Mike Bryan onse anadutsa m'manja mwawo, ndipo onse anadzakhalapo nambala 1 pa dziko lonse m'masewero a awiriawiri.

Zikho zinapitirira kubwera: 1977, 1978, 1980, 1981, 1983, 1986, kenako zitatu zotsatizana kuyambira 1988 mpaka 1990, ndi china mu 1992. Mukaziyang'anitsitsa zaka zimenezi muona kuti kuyambira 1973 mpaka 2000 sipanadutsepo zaka zitatu zotsatizana popanda chikho. Tanthauzo lake n'lakuti mnyamata aliyense amene anakhala m'timumo zaka zake zinayi m'nyengo imeneyi anachoka atalawako ukatswiri. Kwa ine chiwerengero chimenechi chikuposa cha zikho 17, chifukwa chikusonyeza kuti ntchitoyi siinadalire mbadwo umodzi wa osewera.

Pachimake panali pakati pa 1995 ndi 1998, pamene anatenga zikho zinayi motsatizana. Timu ya 1995 sinagonjepo. Ya 1998, momwe munali mapasa a Bryan, Paul Goldstein ndi Ryan Wolters, inapambana masewero onse 28, ndipo chaka chonse inangotaya mapointi atatu okha. M'ndime yomaliza inathambitsa Georgia 4-0 pakwawo pomwe ku Athens, pamaso pa ochemerera amene ankadziwika ndi kuuwa ngati agalu. Bob Bryan anatenga zonse zitatu chaka chimenecho: cha timu, cha mmodzimmodzi, ndi cha awiriawiri pamodzi ndi m'bale wake.

Chikho cha 2000, chimene anachitenga pogonjetsa Virginia Commonwealth, chinali chomaliza. Zinthu zinali zikusintha. Achinyamata a m'mayiko ena anali akubwera kale ku makoleji a ku America: Kevin Curren wa ku South Africa anapambana mpikisano wa mmodzimmodzi mu 1979 akusewerera Texas, ndipo Byron ndi Wayne Black a ku Zimbabwe anasewerera USC. Koma pofika m'zaka za m'ma 2000 kamtsinje kaja kanasanduka chigumula, ndipo sukulu zimene kale sizinkawerengedwa zinayamba kumanga matimu amphamvu ndi anyamata a ku Ulaya. Illinois, motsogozedwa ndi Craig Tiley wa ku South Africa, inatenga chikho mu 2003 osagonjapo, ndipo Baylor inachitenga mu 2004 itatsamira pa anyamata a ku Germany, Benedikt Dorsch ndi Benjamin Becker. Nawo maraketi ndi zingwe zamakono zinapatsa mphamvu wosewera woima kumbuyo, moti kuthamangira ku ukonde kunayamba kuoneka ngati kudzipereka kwa adani.

A Gould anatula pansi udindo mu 2004, atatha zaka 38, atapambana masewero 776 ndi kugonja 148. Anakhalabe pa sukulupo ngati mkulu woyang'anira tenesi mpaka mu 2018. Mpando wawo unapita kwa ana awo a pa bwalo: poyamba John Whitlinger, katswiri uja wa 1974, kenako mu 2014 Paul Goldstein, amene m'zaka zake zinayi za usewero sanaonepo chaka chopanda chikho. Panthawiyi USC inali itadzukanso, n'kutenga zikho zisanu pakati pa 2009 ndi 2014 mpaka kufika pa 21. Atsikana a Stanford anapitiriza kukolola, zikho khumi pansi pa a Frank Brennan ndi zina khumi pansi pa mayi Lele Forood. Koma kufikira mu 2025, timu ya amuna inali isanawonjezerepo ngakhale chimodzi pa 17 zija.