Chibayo chobwera pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya kummero

Chibayo chobwera pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya kummero ndi matenda a m'mapapo amene amagwira wodwala patangopita masiku ochepa madokotala atamuchotsa mmero, njira imene chakudya chimadutsa popita m'chifu. Ndi limodzi mwa mavuto amene amachitika kawirikawiri opaleshoniyi ikatha, ndipo limachititsa imfa zambiri za odwala amene akadali m'chipatala.

Khansa ya kummero

M'chaka cha 2020, anthu pafupifupi 604,000 padziko lonse anapezeka ndi khansayi ndipo pafupifupi 544,000 anamwalira nayo. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansayi yafala kwambiri, koma odwala ambiri amafika kuchipatala akulephera kale kumeza, nthawi imene opaleshoni singathandizenso.

Khansa ikapezeka msanga, madokotala amadula mbali yodwala ya mmero n'kukoka chifu kuti achilumikize ku mbali yotsala. Njira imodzi yodziwika anaifotokoza dokotala Ivor Lewis mu 1946, ndipo pamafunika kutsegula mimba ndiponso chifuwa cha kumanja.

Zimene zimayambitsa

Mmero umadutsa pakati pa mapapo awiri. Kuti aufikire, madokotala amaphwetsa papo limodzi kwa nthawi yaitali, wodwala n'kumapuma ndi linalo. Akatsitsimuka, bala la m'nthiti limamulepheretsa kupuma mokoka mpweya wambiri ndiponso kukhosomola, choncho makhololo amaunjikana ndipo mabakiteriya amaswana.

Nthawi zina mtsempha woyendetsa timinofu totulutsa mawu umavulala. Zikatero wodwala amasasa mawu ndipo amatsamwa, moti malovu kapena chakudya zimalowa m'mapapo. Posokapo pakachucha, matenda amafalikiranso m'chifuwa. Okalamba, osuta fodya, amene ali ndi matenda okhalitsa a m'mapapo ndiponso amene awonda chifukwa cholephera kudya ndi amene amakhala pangozi yaikulu.

Zotsatira zake

Wodwala chibayo amatenga nthawi yaitali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ena amabwezeretsedwa pa makina othandiza kupuma. Matendawa akakula, mapapo amalephera kulowetsa mpweya wokwanira m'magazi, kapena majeremusi amalowa m'magazi n'kuwononga impso ndi ziwalo zina.

Vutoli silithera m'chipatala. Kafukufuku wa ku Japan ndi mayiko ena wasonyeza kuti amene anadwala chibayo opaleshoni itatha sakhala zaka zambiri poyerekezera ndi amene sanadwale. Chifukwa china n'chakuti wodwala wofooka amachedwa kuyamba mankhwala ena a khansa, kapena amalephereratu kuwalandira.

Kusiyana kwa njira za opaleshoni

Kafukufuku wa TIME, amene anafalitsidwa mu 2012 m'magazini ya The Lancet, anayerekezera odwala 115 a ku Netherlands, Spain ndi Italy. Pa odwala 100 alionse amene anang'ambidwa bala lalikulu, 29 anadwala matenda a m'mapapo m'milungu iwiri yoyambirira, pamene mwa amene anachitidwa opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono anali 9 okha. Kafukufuku wa MIRO wa ku France, wa mu 2019, anapeza kuti kugwiritsa ntchito timabowo pamimba pokha kunachepetsa mavuto aakulu a m'mapapo kuchoka pa 30 kufika pa 18 pa odwala 100 alionse.

Kupewa ndi kuchiza

Opaleshoni isanachitike, wodwala amalangizidwa kusiya fodya kutatsala milungu inayi kapena kuposerapo, kudya mokwanira, kutsuka mano pafupipafupi kuti majeremusi a m'kamwa achepe, ndiponso kuphunzira kupuma mokoka mpweya wambiri. Ikatha, amapatsidwa mankhwala opha ululu, nthawi zambiri odzera kumsana, amagonekedwa mutu uli m'mwamba, ndipo amadzutsidwa msanga kuti ayambe kuyenda.

Zizindikiro za chibayo ndi kutentha thupi, kupuma movutikira, ndi makhololo amafinya. Madokotala amajambula chifuwa, amayeza makhololo kuti adziwe mtundu wa mabakiteriya, ndipo amayamba kupereka maantibayotiki ndi mpweya wa okosijeni mosachedwa.