Mapulogalamu a kompyuta amene amathandiza akatswiri kulondola miliri

Matenda a kolera akabuka m'makomboni a mu Lusaka monga Linda, Kanyama ndi Chawama, akatswiri a zaumoyo amafuna kudziwa msanga kumene kacilombo kacokera ndiponso ngati kakumvabe mankhwala. Mbali ina ya yankho imapezeka powerenga majini a kacilomboko, ndipo nchito yaikulu pamenepa imagwiridwa ndi kompyuta.

Kufunika kwa cangu kunaoneka pa mliri wa October 2017 mpaka May 2018, pamene anthu oposa 5,000 anadwala kolera mu Lusaka ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Mliri umene unayamba mu October 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, kufikira boma linasandutsa bwalo la National Heroes Stadium kukhala malo ocizira odwala.

Mmene nchito imayendera

Makina owerenga majini amatulutsa tizidutswa mamiliyoni ambiri. Tizidutswa timeneti timafunika kucotsamo tolakwika, kutilumikiza, kutiyerekeza ndi majini odziwika kale, kenaka kuona cibale ca kacilombo ka wodwala mmodzi ndi ka wina. Gawo lililonse lili ndi pulogalamu yake, ndipo zotuluka mu pulogalamu imodzi ndizo zimalowa mu inzake.

Munthu akamacita zonsezi pamanja amacedwa, ndipo akaphonya pamodzi zotsatira zonse zimasokera. Ndiye cifukwa cake kunapangidwa mapulogalamu oyendetsa ndondomeko, amene akatswiri amawachula kuti workflow engine. Katswiri amalemba ndondomeko kamodzi, pulogalamuyo nkumaitsata yokha ndi kusunga mbiri ya ciliconse cimene cacitika. Motero labotale ya ku Lusaka ndi ya ku Ndola zingapeze yankho limodzi pa majini amodzimodzi.

Mapulogalamu odziwika

Snakemake inatuluka mu 2012 ku Germany, yolembedwa ndi Johannes Köster. Imakondedwa ndi anthu odziwa cinenero ca kompyuta ca Python. Gulu la Nextstrain, limene linalondola kufala kwa COVID-19 pa dziko lonse, linalemba ndondomeko yake ndi pulogalamu imeneyi.

Nextflow inayamba mu 2013 ku Barcelona pansi pa Paolo Di Tommaso. Mphamvu yake ndi yakuti ndondomeko imodzi imayenda pa kompyuta ya munthu mmodzi ngakhalenso pa makompyuta aakulu a mayunivesite popanda kuilembanso. Kuyambira 2018 gulu la nf-core lakhala likugawa ndondomeko zoyesedwa kale kwaulere.

Palinso CWL, imene ndi kalembedwe kogwirizana komwe mapulogalamu osiyanasiyana angathe kuwerenga. Ena amene anachuka kale anatha: Taverna ya ku Manchester inasiya kukonzedwa mu 2020, cinthu cimene cinakakamiza oigwiritsa nchito kusamutsa ndondomeko zao.

Makomo a sayansi pa intaneti

Si dokotala kapena wophunzira aliyense amene amadziwa kulemba malamulo a kompyuta. Kwa anthu otere kuli makomo a sayansi, ochedwa science gateway. Awa ndi masamba a pa intaneti pamene munthu amatumiza mafaelo ake, kusankha zimene afuna kuti zicitike, ndipo makompyuta amphamvu a kwina amagwira nchitoyo.

Khomo lochuka pa za majini ndi Galaxy, limene linayamba mu 2005 pa Pennsylvania State University ku America. Lili ndi malo aulere ku America, ku Freiburg m'dziko la Germany ndi ku Australia. Mu Africa, mapulojekiti a eI4Africa ndi Sci-GaIA, amene anayenda pakati pa 2012 ndi 2017 ndi thandizo la European Union, analimbikitsa khomo la Africa Grid Science Gateway. Bungwe la UbuntuNet Alliance, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, linali nao pa nchitoyo.

Kuyerekeza kumene kunacitika mu Africa

Mu 2016 gulu la H3ABioNet, lotsogoleredwa ndi University of Cape Town, linasonkhanitsa akatswiri ku Pretoria kuti alembe ndondomeko zinayi zofufuzira majini. Ziwiri anazilemba ndi Nextflow ndipo ziwiri ndi CWL. Colinga cinali cakuti ndondomekozo ziziyenda m'malabotale a maiko osiyanasiyana, ngakhale makompyuta ao ndi osiyana mphamvu. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018.

Zoyenera kuyang'ana mu Zambia

Coyamba ndi magetsi. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo madera ambiri ankakhala opanda magetsi mbali yaikulu ya tsiku. Nextflow ndi Snakemake zimatha kupitiriza pamene nchito inaimira, mosayambiranso paciyambi, ndipo zimenezi zimapulumutsa maola ambiri.

Caciwiri ndi intaneti. Mafaelo a majini ndi aakulu, motero kuwatumiza ku khomo la ku Europe kumafuna intaneti yamphamvu. Apa ndi pamene pali nchito ya ZAMREN, bungwe lolumikiza mayunivesite ndi malo ofufuzira, limene linalembetsedwa mu 2007 ndi kuyamba nchito mu 2012. University of Zambia, Copperbelt University ndi Mulungushi University ndiwo anayambitsa bungweli.

Cacitatu ndi lamulo. Lamulo loteteza zidziwitso za anthu la 2021 limaika malire pa kutumiza kunja kwa dziko zinthu zokhudza munthu payekha. Ofufuza majini a anthu ayenera kulingalira zimenezi asanasankhe khomo lakunja.

Cacinayi ndi anthu odziwa nchito. Galaxy ndi yosavuta kuphunzira ndipo imayenera ophunzira ndi malabotale ang'onoang'ono. Nextflow ndi Snakemake zimafuna maphunziro oculuka, koma zimapatsa labotale ufulu wogwira nchito pa makompyuta ake.

Phindu la kukhala ndi luso limeneli m'dziko muno linaoneka mu December 2020, pamene akatswiri pa University of Zambia anawerenga majini a kacilombo ka COVID-19 ndi kupeza kuti mtundu wa Beta, umene unayamba kudziwika ku South Africa, unali utafika. Pa zoyesedwa 23 zimene zinatengedwa pakati pa mwezi umenewo, 22 zinali za mtundu watsopanowo.

Mapulogalamu amenewa sangalowe m'malo mwa madzi abwino, zimbudzi ndi katemera, zimene ndizo zimateteza mabanja a ku Linda ndi makomboni ena m'nyengo ya mvula. Nchito yao ndi kuthandiza Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Zambia National Public Health Institute kudziwa mtundu wa kacilombo kamene akulimbana nako mliri usanafalikire.