Wofufuza amene anafika patapita zaka 11



Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandibwezera buku la Sherlock Holmes, wofufuza milandu uja amene Arthur Conan Doyle anayamba kulemba nkhani zake mu 1887. Anandifunsa kuti, “Sala, kodi kwathu kuno aliko wotere?” Ndinamuuza nkhani ya ku Mwanza.

Mu May 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti anafa pangozi ya galimoto pothawa m'dziko. Holmes akanapempha kuona mabala awo ndi galimotoyo. Koma masiku amenewo funso lotere limatha kukugonetsa ku Mikuyu. Anthu anangolirira m'mimba.

Kufufuza kunayamba mu 1994, a Bakili Muluzi atakhazikitsa komishoni yotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha. Lipoti lake, lomwe linatuluka mu January 1995, linati anayiwa anaphedwa ndi apolisi, ndipo ngoziyo inali yochita kukonza. Ine ndinali mnyamata wapasukulu, ndipo ndimakumbuka akuluakulu atazungulira wailesi, osatsokomola n'komwe.

Apa ndi pamene moyo umasiyanirana ndi buku. M'buku, wofufuza akaloza chala nkhani yatha. Kukhoti sikokwanira kudziwa kuti munthu anaphedwa; pamafunika umboni wosonyeza amene analamula. Dr Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu, koma mu December 1995 khoti linawapeza osalakwa. Mkulu wa apolisi wa mu 1983, a Mac Kamwana, anali atamwalira kale, ndipo zomwe ankadziwa anapita nazo kumanda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Umboni ukachedwa umapita ndi mphepo.

Choncho ndinamuyankha mwanayo kuti anzeru ngati Holmes sanasowepo m'Malawi. Chimene chinasowa ndi ufulu wofunsa tsiku lomwelo, magazi asanaume.

Anzanga, mwana akafunsa m'kalasi kuti “mwadziwa bwanji?”, tisamukalipire. Mwina ndiye wofufuza amene dziko lino lidzamufune.