Gitala ya Magetsi ndi Amisiri Ake: Kodi Luso Limaphunziridwa Kuti?

Nkhani ya sabata ino ikunena za gitala ya magetsi ndi anthu amene amaipanga. Omvera ambiri amalidziŵa liwu la gitala imeneyi, pakuti limamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, m'nyimbo zovina ndi m'nyimbo za Mulungu zomwe. Koma ndi ochepa amene adayamba afunsapo kuti manja osema thabwa mpaka lisanduke choimbira chotere amaphunzira kuti ntchitoyo. Ku America ndi ku Ulaya funsoli si lamaseŵera. Mnyamata kapena mtsikana wofuna kukhala mmisiri wa magitala amayenera kusankha: kutenga ndalama zonse zimene adasunga nakalipira sukulu ya umisiriwo, kapena kugula zipangizo nayamba yekha m'kanyumba ka kuseri kwa makolo ake. Akasankha molakwa, ataya ndalama kapena ataya zaka. Mbiri ya gitalayo ingathe kumuthandiza.

Kale ku Ulaya, umisiri wa zoimbira za nsambo sudali wa munthu wamba. Mwana ankakhala zaka zambiri m'nyumba ya mmisiri wamkulu, kusesa, kutentha guluu ndi kunola zipangizo, asanaloledwe kukhudza thabwa labwino. Amisiriwo adali ndi mabungwe awo amene ankalamula kuti uje apange chakuti, uje asapange. M'tauni ya Markneukirchen ku Germany mudabuka mkangano wa zaka zambiri pakati pa opanga vayolini ndi akalipentala opala mipando ndi makabati, chifukwa opanga vayolini ankafuna kuti akalipentala aletsedwe kupanga magitala. Christian Frederick Martin, mwana wa kalipentala, adatopa nazo, ndipo m'chaka cha 1833 adasamukira ku New York. Kampani imene adayambitsa ikupangabe magitala ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania. Sukulu zenizeni zidabwera pambuyo pake, ndipo zidali za vayolini: ya ku Mittenwald ku Germany idatsegulidwa mu 1858, ya ku Cremona ku Italy mu 1938.

Gitala ya magetsi sidabadwire m'sukulu zimenezi. Idabadwa chifukwa cha vuto la oimba a m'magulu akuluakulu ku America, kumene gitala wamba inkamira m'phokoso la malipenga ndi ng'oma. Mu 1931, ku Los Angeles, woimba wina dzina lake George Beauchamp adapanga kachipangizo kotola mawu a nsambo, kamene amisiri amakatcha pickup. Kagwiridwe kake ndi kotere: waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi amazengerezedwa kambirimbiri mozungulira maginito, ndipo nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa kamphamvu ka magetsi kamene chokuzira mawu chimakasandutsa liwu lalikulu. Beauchamp adagwirizana ndi Adolph Rickenbacker, mmisiri wa zitsulo, ndipo mu 1932 adayamba kugulitsa gitala yoimbira pamiyendo. Idali ndi thupi laling'ono lozungulira ndi khosi lalitali, kotero kuti anthu adaitcha chiŵaya.

Vuto lina lidatsala. Gitala yamphako ikalumikizidwa ku chokuzira mawu, thupi lake limanjenjemera ndi liwu lomwe likutuluka, liwulo nkubwereranso m'magetsi, mpaka pamveke kulira kogonthetsa m'kutu. Cha m'ma 1940 woimba Les Paul adayesa kuthetsa zimenezi pomanga khosi, nsambo ndi pickup pa mtanda wa paini wa mainchesi anayi mbali zonse, naphatikako zidutswa ziŵiri za gitala yakale kuti chinthucho chioneke ngati gitala. Kampani ya Gibson idamubweza nacho. Mu 1948 Paul Bigsby, amene ntchito yake idali ya njinga zamoto, adapangira woimba Merle Travis gitala ya thabwa lopanda mphako ku California.

Munthu amene adasintha zonse ndi Leo Fender, wobadwa mu 1909. Iyeyu adaphunzira kuŵerengera ndalama, ntchito nkumuthera m'zaka za umphaŵi wa dziko lonse, ndipo mu 1938 adatsegula kanyumba kokonzera mawailesi m'tauni ya Fullerton. Sankadziŵa kuimba gitala. Chimene ankadziŵa ndi kumvera madandaulo a oimba obwera ndi zokuzira mawu zowonongeka, ndi kuganiza monga munthu wokonza zinthu. Amisiri akale ankamata khosi la gitala ndi guluu, kotero kuti likapindika ntchito yake idali yaikulu. Fender adalimanga ndi masikuluwu anayi, kuti lichotsedwe ndi kuikapo lina pa nthaŵi yochepa. Gitala yake ya 1950, imene idatchedwa Telecaster mu 1951, ena adaiseka kuti ndi nkhafi. Koma idagulidwa kwambiri, ndipo Gibson idayankha mu 1952 ndi gitala yokhala ndi dzina la Les Paul yemwe uja idamubweza. Stratocaster idatuluka mu 1954. Mu 1965 Fender adagulitsa kampani yake kwa CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni.

Wina angaone mbiri imeneyi nanena kuti sukulu ilibe phindu, pakuti palibe mmodzi mwa anthu ameneŵa amene adaloŵa m'kalasi ya umisiri wa magitala. Koma amene anena chotero waiŵala kanthu. Aliyense wa iwo adabwera ndi luso lina limene adalivutikira zaka: wina la zitsulo, wina la wailesi, wina la injini, wina la kuimba. Ndi mmenenso zidakhalira ku England mu 1963, pamene Brian May, amene pambuyo pake adatchuka m'gulu la Queen, adayamba kupanga gitala pakhomo chifukwa banja lake silikadatha kugula ya Fender. Khosi adasema kuchokera ku thabwa lakale la pamwamba pa malo osonkhera moto, masipuling'i adatenga a njinga yamoto, ndipo zizindikiro za pakhosi adapanga ndi mabatani a mayi ake. Ntchitoyo idatenga pafupifupi zaka ziŵiri, ndipo pambali pake padali bambo wake, Harold May, katswiri wa zamagetsi. Mnyamatayo adali ndi mphunzitsi m'nyumba momwemo.

Tsono ndi zinthu ziti zimene munthu ayenera kudziŵa kuti gitala iimbe bwino? Choyamba ndi masamu. Tizitsulo topingasa pakhosi, timene oimba amati mafureti, sitiikidwa mongoyerekeza. Utali wa nsambo za Fender ndi mamilimita 648. Mmisiri amagaŵa utaliwo ndi 17.817, napeza kuti fureti yoyamba ikhale mamilimita 36.4 kuchokera kumtunda. Kenaka amagaŵa utali wotsalawo ndi nambala yomweyo, napeza yachiŵiri, mpaka kumapeto. Fureti ya 12 imagwera pakati penipeni, pa mamilimita 324. Akaphonya pang'ono, gitalayo idzaimba mosokonekera moyo wake wonse.

Chachiŵiri ndi mtengo. Nsambo zisanu ndi imodzi zimakoka khosi ndi mphamvu yopitirira makilogalamu 40 usana ndi usiku, ndipo thabwa losauma bwino limapindika. Nchifukwa chake m'khosimo mumabisidwa ndodo yachitsulo yomanga ndi kumasula, nzeru imene Thaddeus McHugh wa ku Gibson adailembetsa mu 1921. Fender ankakonda mitengo ya ash, alder ndi maple. Gibson ankakonda mahogany wa ku Central America, ndipo makampani ambiri adayamba kugwiritsanso ntchito mahogany wa ku Africa, wa mtundu umodzi ndi mbaŵa ya kuno kwathu. Chachitatu ndi magetsi. Pickup ya Stratocaster imazengerezedwa waya pafupifupi ka 8,000, ndipo imatola ndi phokoso lomwe la magetsi a m'nyumba. Seth Lover wa ku Gibson adathetsa phokosolo mu 1955 poika mizengerezo iŵiri yotsutsana. Chomaliza ndi utoto, umene umafuna kudekha ndi mpweya wabwino, pakuti nthunzi yake imawononga mapapo.

Sukulu za magitala zidabwera pamene zinthu zidayamba kusintha m'mafakitale. Fender itagulidwa mu 1965, ndipo Gibson nayo itapita m'manja mwa eni ena mu 1969, oimba ambiri ankadandaula kuti magitala atsopano sakufika pa akale. Achinyamata adayamba kudzipangira okha, koma adalibe woŵaphunzitsa, ndipo mabuku adali oŵerengeka. Mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Guild of American Luthiers kuti amisiri aziuzana nzeru zimene kale zinkabisidwa. Mu 1975 sukulu ya Roberto-Venn idatsegulidwa ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona, ndipo idadziŵika ndi maphunziro a miyezi isanu, m'mene wophunzira amapanga gitala yamphako ndi ya magetsi kuchokera ku matabwa osapala. Ulendo umene mwana wa ku Markneukirchen ankayenda zaka zambiri udafupikitsidwa chotero.

Chaka chomwecho cha 1975, Paul Reed Smith, wophunzira pa St. Mary's College ku Maryland, adapanga gitala yake yoyamba. Pambuyo pake adakhala zaka khumi m'kachipinda kakang'ono ku Annapolis, kukonza magitala a anthu ndi kupanga ake pang'onopang'ono. Ankapita kumene oimba otchuka akuimba, nadikirira kuseri kuti aŵaonetse ntchito yake. Carlos Santana adali mmodzi wa amene adaitenga. Kampani yake idayamba mu 1985, ndipo ngakhale pamenepo adakafunafuna Ted McCarty, amene adatsogolera Gibson m'zaka za m'ma 1950, kuti amulangize. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makina oyendetsedwa ndi kompyuta adafala m'mafakitale, ndipo magitala abwino otsika mtengo adayamba kuchuluka kuchokera ku Korea, China ndi Indonesia. Mmisiri wopanga gitala imodzi kwa milungu ingapo sangapikisane nawo pa mtengo. Nchifukwa chake amisiri ambiri odziimira okha amapeza chakudya pokonza: kusintha mafureti otha, kuwongola makosi, kulumikiza mawaya. Gitala yopangidwa mwapadera imagulidwa ndi woimba amene adayamba wamukhulupirira mmisiriyo pa ntchito zing'onozing'ono zoterezi.

Yankho la mbiri tsono ndi ili. Sukulu imapatsa munthu mphunzitsi woima pambali pake, makina amene sakadatha kugula, ndi anzake odziŵa kumene kuli ntchito. Imamupulumutsa ku zolakwa zimene ena adalakwa kale. Koma miyezi isanu sipatsa munthu manja okhwima, ndipo satifiketi siibweretsa ogula. Wopindula nayo ndi amene adayamba wayesa yekha, wawononga matabwa aŵiri atatu, nadziŵa mafunso oti akafunse. Ndiponso amene ali wokonzeka kukhala zaka zingapo akukonza magitala a eni ake asanalembe dzina lake pamutu pa yake. Wokhala pafupi ndi mmisiri wololera kumuphunzitsa, kapena wodziŵa kale ukalipentala ndi zamagetsi, angathe kusunga ndalama zake nagula zipangizo. Leo Fender adamwalira mu 1991 ali ndi zaka 81, ndipo mpaka masiku ake omaliza ankapitabe ku kampani yake yotsiriza ya G&L ku Fullerton, kukayesa maginito ndi mawaya monga ankachitira m'kanyumba ka mawailesi kaja.