Joni Wopanda Tsiku Lobwerera

Ku Mayfair, dera lomwe lili chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, Chichewa ndi Chiyao zimamveka kuseri kwa mashopu, m'makhitchini ndi pa zipata za mizikiti. Amalawi ambiri amene ndimakhala nawo kuno ndi achinyamata. Amaphika, amachapa, amalera ana a eni nyumba, amasoka, amalondera, ena amanyamula makatoni ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Ukawafunsa za moyo amayankha kuti "tikuyesetsa". Ukakhalitsa nawo umamva zina: tulo sakubwera, mtima ukuthamanga popanda chifukwa, mutu sukugwira, thupi lalema ngakhale Lamlungu. Achikulire ena amati ana a masiku ano ngofooka, poti makolo awo anakumba golide pansi pa nthaka osadandaula. Ine sindigwirizana nawo, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri ya ulendowu. Ulendo wa ku Joni ndi wakale, koma wakalewo unali ndi tsiku lothera, pomwe wa lero ulibe.

Golide anapezeka ku Witwatersrand mu 1886. Pasanathe zaka khumi, atsamunda anali atayamba kutolera msonkho kwathu, pamene ndalama kumudzi zinali zosowa. Mu 1903 bungwe la eni migodi, lomwe anthu ankalitcha Wenela, linayamba kulemba amuna a ku Nyasaland. Ambiri anafa ndi chibayo, mpaka mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho sichinaimitse miyendo. Amuna ankapitabe paokha, ulendo umene unkatchedwa selufu, kudutsa Mozambique ndi Southern Rhodesia wapansi, akugwira ganyu m'njira. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anadzera njira imeneyi. Kamuzu Banda naye ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wina ku Boksburg. Mu 1935 komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Amene sankabwerera anapatsidwa dzina: matchona.

Wenela itabwereranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ulendo unakhala ndi dongosolo lake. Munthu ankadinda chala pa kontirakiti imene nthawi zambiri sinkapitirira zaka ziwiri. M'zaka zotsatira ankakwera ndege mpaka ku Francistown, n'kupitiriza pa sitima. Gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire kwawo. Agogo anga aamuna anapita kawiri. Anabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Choncho sindinganene kuti nthawi imeneyo inali yabwino. Mu komponi amuna ankagona mothithikana pa mabedi a simenti, akazi ndi ana ali kutali, ndipo fumbi la mwala linkadya mapapo awo. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa amene anadwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya golide, ambiri mwa iwo atamwalira kale. Koma agogo ankandiuza chinthu chimodzi chimene ndachimvetsa nditafika kuno: ankawerenga matikiti a masiku amene agwira, ndipo ankadziwa kuti akakwana adzapita kwawo. Munthu amapirira zowawa zambiri akamadziwa pothera pake.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 anafa. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe kwathu timati Theba, koma anthu ake anali ochepa. Mu 1988 panabuka mkangano pa nkhani yoyeza magazi a ogwira ntchito kuti aone ngati ali ndi HIV, ndipo khomo la Theba linatsekeka osatsegukanso mwakale. Pofika 1994, chaka chimene tsankho linatha ku South Africa ndipo Malawi anavota pa chisankho cha zipani zambiri, njira imene inatsala inali ya selufu yokha. Tsopano inali ya basi, kudzera ku Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo amayi ndi atsikana anayamba kuiyenda nawonso.

Mayfair nayo inali itasintha. Pansi pa lamulo la Group Areas la 1950 linali dera la azungu. Amwenye amene anathamangitsidwa ku Pageview ndi ena osowa nyumba anayamba kulowamo mobisa. Mu 1982 woweruza Richard Goldstone anagamula pa mlandu wa Mayi Gladys Govender a ku Mayfair kuti khoti lisamatulutse munthu m'nyumba lisanaone ngati ali ndi kwina kopita. Chigamulochi chinafooketsa lamulolo, lomwe linathetsedwa mu 1991. Kenako panabwera Asomali othawa nkhondo, amene mashopu awo adzaza 8th Avenue, komanso anthu a ku Pakistan, Bangladesh ndi Ethiopia. Mabanja ndi mabizinesi a Chisilamu ankafuna antchito, ndipo achinyamata a ku Mangochi ndi Machinga, amene ambiri ndi Asilamu, anapeza poyambira. Wina anaitana mphwake, mphwakeyo anaitana mnzake wa kusukulu.

Tsono yerekezani mnyamata wa lero ndi agogo anga. Choyamba ndi mapepala. Mmalawi amaloledwa kulowa South Africa kwa masiku 30 popanda viza. Masikuwo akatha, amene alibe chilolezo chogwirira ntchito amakhala ndi mantha tsiku lililonse: akaona galimoto ya apolisi amaganiza za Lindela, malo osungirako anthu oti abwezedwe kwawo ku Krugersdorp. Pamwamba pa izi pali chikumbumtima cha May 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndiponso cha 2015, pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake, ndi cha 2019. Gulu la Operation Dudula lakhala likuguba kufuna kuti obwera achoke. Ngakhale pa tsiku labata, thupi limakhala lili tcheru ngati la mlonda.

Chachiwiri ndi maola. Lamulo la South Africa limati sabata yantchito ndi maola 45, ndipo kuyambira March 2025 malipiro otsikitsitsa anali R28.79 pa ola, kuphatikizapo a wantchito wa m'nyumba. Koma wopanda mapepala amaopa kukadandaula, ndipo wogona pa bwana sadziwa nthawi yowerukira. Ndikudziwa atsikana amene amadzuka kusanache n'kugona mbale zomaliza zikatsukidwa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, chaka chonse.

Chachitatu ndi foni. Kalata ya agogo inkatenga masabata, ndipo vuto la kumudzi linkafika litazirala kapena litathetsedwa ndi ena. Lero uthenga wa pa WhatsApp umalowa uli pa ntchito: fizi, feteleza, mankhwala a amayi, bokosi la maliro. Popeza ndalama zimafika kwathu m'mphindi zochepa kudzera ku Mukuru ndi njira zina, palibe chobisalirapo. Kuchedwa kumaoneka ngati kukana. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'chigawo cha kummwera mu March 2023. Zonsezi zinatera pa foni za achinyamata a ku Mayfair. Opemphawo sanama, mavuto alikodi. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo pano denga la mudzi wonse lasenzedwa ndi mwana wa zaka 24. Akatsegula Facebook amaona anzake atavala bwino, atatsamira galimoto ya eni, n'kumadziona ngati wotsalira yekha.

Chachinayi, chomwe chimamanga zonsezi pamodzi, n'chakuti palibe tikiti yowerenga. Palibe ndalama yosungidwa yomudikira kwawo. Kubwerera chimanjamanja n'kochititsa manyazi, ndipo wodutsitsa masiku akatuluka amaletsedwa kulowanso kwa nthawi. Amene anati adzakhala zaka ziwiri amapezeka watha zisanu ndi ziwiri, nyumba ili pa mawindo. Ndimaganiza kuti matchona ambiri akale sanaiwale kwawo ayi. Anagwidwa ndi manyazi omwewa.

Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalemba kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ngati vuto lodziwika lochokera ku kupanikizika kosatha. Ife tinali nawo kale mawu ake: nkhawa, kuganiza kwambiri, kulema mtima. Ashona amati kufungisisa, ndipo ku Harare Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, njira imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo. Kwathu nkhani za maganizo zinkafika pa anthu zitasanduka misala, ndipo dzina la chipatala cha Zomba Mental linali choopsezera. N'chifukwa chake amuna a ku Wenela ankameza zawo, ena n'kuzimiza mu mowa. Achinyamata a lero akamanena kuti sakugona, sikuti ngofooka kuposa agogo awo. Angoyamba kutchula chimene agogowo anafa nacho osachitchula.

Ngati vuto lake ndi ulendo wopanda mathero, mankhwala ake ena ndi kuubwezera mathero. Banja lisanatumize mwana, kapena ngakhale atapita kale, likhale pansi n'kugwirizana: atumize zingati pa mwezi, zogwirira chiyani, mpaka chaka chiti, ndipo gawo liti likhale lake. Chipereganyu chimene ambiri timachita kuno chingagwire ntchito imene malipiro osungidwa ankagwira, koma mwini ndalama ali ndi mawu. Magulu athu a maliro, amene amatolera ndalama mwachangu zotumizira mtembo kumudzi, aphunzire kufunsanso za amoyo, ndipo mashehe ndi abusa adziwe kumene angatumize munthu amene wafika pothedwa nzeru, monga ku bungwe la SADAG lomwe limalandira mafoni a anthu ovutika maganizo. Ndipo inu a kumudzi, mwana wanu akabwerera wamoyo ndi chikwama chimodzi, mulandireni ndi nkhuku yomwe mukanaphera wobwera ndi galimoto.